Ulendo Wachiwiri wa Chifuwa Changa

Tinanyamuka kumudzi kwathu, kuseri kwa Chamama, Lolemba m'mamawa mame akadali paudzu. Unali mwezi wa Epulo, nthawi imene munthu wolima fodya sachoka pakhomo pokhapokha kutagwa maliro. Chigafa chinali chodzaza, fodya wina ali pamikangala, wina titasankha kale akudikira kudindidwa. Zonsezo ndinazisiya m'manja mwa mkazi wanga, Nachisale. Ine ndinanyamula kachikwama ka zovala, kabuku ka kuchipatala, ndi envulopu yaikulu momwe munali chithunzi cha m'chifuwa mwanga.

Nditatuluka m'nyumba ndinapeza bambo anga atakhala kale pakhonde, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo mawondo anayamba kale kuwakana.

"Ababa, ndinati mutsale. Ndikungokaonana ndi dokotala basi."

"Ulendo woyamba uja unapita ndi ndani, Limbani?"

"Ndi inu."

"Ndiye njira ndikuidziwa ndine."

Sindinatsutsenso. Kutsutsana ndi Bambo kumafuna mpweya wambiri, ndipo mpweya ndi umene unkandisowa.

Ndifotokoze za chifuwachi, poti ndicho chinatiyendetsa. Ndinabadwa bwinobwino, koma pamene ndinkakula fupa lapakati pachifuwa linayamba kulowa m'kati, mpaka panakhala dzenje loti ndikagona chagada titasamba kudambo, madzi ankatsalira pomwepo. Anzanga ankanditcha Kambale. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri kunabwera madokotala akunja kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, ndipo Bambo ananditengera kumeneko. Anandiboola m'mbali monsemu n'kulowetsa chitsulo chopindika ngati uta kunsi kwa fupalo kuti chizilikankhira kunja. Anati chikhalemo zaka zitatu. Chinangokhalamo chaka ndi miyezi ingapo. Ndinagwa pangolo, chitsulo chinasuntha n'kuyamba kundibaya, ndipo anachichotsa.

Chifuwa chinakhalabe chowongoka kwa zaka zambiri. Ndinakwatira chili chowongoka, mwana wathu Thoko anabadwa chili chowongoka. Koma zaka zinayi zapitazi chakhala chikubwerera m'kati pang'onopang'ono, monga limachitira denga la chigafa chakale. Poyamba ndinkangovala malaya otaya n'kukhala chete. Chaka chatha zinafika poti ndikapukusa jeke yodindira fodya kawiri katatu, mtima umagundira kukhosi, m'maso n'kuchita mdima. Kuchipatala cha paboma anandijambula, anandionetsa mtima wanga utakankhidwira kumanzere, n'kulemba kalata yopita ku Lilongwe. Ndinadikira miyezi itatu. Kenako foni inalira: mubwere Lachiwiri.

Kuchoka kumudzi kufika pa Chamama tinakwera njinga yamoto, tonse awiri panjinga imodzi, K2,000 aliyense. Wakabazayo, bambo wa ndevu zaimvi amene amapemphera nafe mpingo umodzi, anayendetsa mosamala kwambiri, akuzemba dzenje lililonse.

"Ndikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha odwalawa," anatero, akuloza Bambo ndi mutu.

"Wodwala ali pambuyo panga," anayankha Bambo. "Ine ndine gadiyani."

Wakabazayo anaseka, kuganiza kuti achikulire akucheza.

Pa Chamama tinafika sikisi itangokwana. Galimoto inalipo, ija ya anthu asanu ndi awiri imene amalowetsamo anthu khumi ndi mmodzi, koma dalaivala anati tidikire awiri ena. Tinakhala m'kanyumba ka tiyi moyang'anana ndi galimotoyo kuti isatithawe. Tiyi anali wa shuga wambiri, mandasi a dzulo. Bambo ananyika lawo mpaka linafewa, n'kuyamba kundikumbutsa kuti ulendo woyamba uja tinakwera lole ya chimanga, ine ndili pamiyendo pawo. Ndinangovomera. Zimene ndimakumbukira za nthawi imeneyo si lole. Ndimakumbukira kudzuka pabedi ndikumva ngati ng'ombe yandiponda pachifuwa n'kukana kuchotsa phazi.

Tinanyamuka cha m'ma seveni koloko, K5,000 munthu mmodzi. Anandiika kumbuyo, pakati pa thumba la soya ndi mphunzitsi wina wonyamula mulu wa mapepala. Munthu wa chifuwa ngati changa amafuna kukhala mowongoka kuti mpweya ulowe, koma mmenemo kuwongoka kunali kwa dalaivala yekha. Ndinapinda msana n'kumapuma timpweya tating'onoting'ono, maso ali pawindo. Kwathu kuno dziko ndi lathyathyathya, maso amatopa asanapeze pothera. Minda ya fodya inali itatsala mapesi okhaokha. Zigafa zinali ndandanda m'mbali mwa msewu, zitadzaza masamba ofiirira, ndipo kuseri kwake kunkaoneka tinyumba ta udzu ta matenanti, utsi ukufuka. Azimayi anali atakhala kale pamasaka, akusankha fodya. Aliyense anali pantchito imene ine ndinaithawa.

Phiri la Kasungu linayamba kuoneka patali, ndipo linatenga nthawi kuti liyandikire. Padepoti tinafika naini koloko. Oitanira anatilanda kachikwama n'kutilowetsa m'minibasi imene inkaoneka kuti yangotsala anthu awiri. Titakhala pansi, anayi mwa anthu aja anatsika mmodzimmodzi n'kukakhala m'minibasi ina. Anali ongodzazitsa maso. Bambo anapukusa mutu.

"Ngakhale ulendo uja anatichita chimodzimodzi."

"Ndiye paja munati njira mukuidziwa, Ababa."

"Kuidziwa sikuletsa kupusitsidwa."

Tinakhala mmenemo ola ndi theka, dzuwa likuwotcha denga. Mtengo wa ku Lilongwe anati K12,000, ndipo kondakitala sanafune kumva zoti wina ndi wokalamba. Pafupi nane panakhala mayi wina wa geni ya mtedza, wansangala, amene anatigawira mtedza wophika tisananyamuke n'komwe. Koma titadutsa Chinkhoma, pomwe malole a mabelo anali atandandalika kudikira kulowa kumsika wa fodya, tinapatukira mumsewu wafumbi chifukwa waukulu ankaukonza. Fumbi linalowa paliponse. Ndinayamba kutsokomola, kupuma kwanga kukumveka ngati kwa munthu wokwera chitunda. Mayi uja anandiyang'ana, anayang'ana envulopu ya chithunzi, n'kukokera chitenje kumphuno.

"Pepani achimwene, kodi ndi chifuwa chachikulu?"

Ndisanayankhe, Bambo anatembenuka kuchokera pampando wakutsogolo.

"Ayi mayi, si chopatsirana. Ndi fupa. Linalowa m'kati, madokotala analitulutsa, ndiye labwereranso. Limbani, tawaonetsa."

"Ababa."

"Si zamanyazi."

Sindinavule malaya. Koma minibasi yonse inali itamva, ndipo uphungu unayamba kubwera kuchokera mipando yonse. Wina anati kuli m'busa ku Dowa amene amawongola mafupa ndi mafuta odzoza. Wina anati zinthu zobwerera chonchi zimakhala ndi mwini wake kumudzi. Mayi wa mtedza, atatsitsa chitenje chija, anati mlamu wake anamuchita opaleshoni ya chophuka kawiri ndipo pano amapalasa njinga mpaka ku Santhe. Mwa onsewo ndinasankha kumvera mayiyo.

Tinawoloka mlatho wa Bua dzuwa lili pamutu. Tisanafike pa Madisi, pamalo ena pomwe msewu wafumbi umakwera kubwerera patala, minibasi inatsamwa n'kuzima. Dalaivala anapotokola kiyi, injini inangolira ngati nkhuku yodwala. Anayesanso. Kenako kondakitala anatsegula chitseko.

"Azibambo tonse titsike, tikankhe pang'ono."

Amuna anatsika asanu. Ine ndinakhala. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndine wamtali, ndipo ndikavala malaya palibe chimene chimaoneka. Bambo wina amene anakwerera panjira, ndiye sanamve nkhani ya fupa ija, anasuzumira pawindo.

"Akuluakulu, inu ndiye bwana wake wa galimotoyi?"

Ndinayamba kudzuka. Ndinadziwa kuti ndikakankha mapazi khumi ndigwa, komabe ndinayamba kudzuka. Bambo anandigwira paphewa n'kundikhazika pansi. Anavula jekete lawo, analipinda bwinobwino, analiika pamiyendo panga, n'kutsika. Kondakitala anati, "Madala, inu khalani," koma iwo anali ataika kale manja pagalimoto. Ndinawaona pagalasi lakumbuyo, mutu uli pansi, miyendo ikuterereka m'fumbi, akukankha minibasi momwe munali azimayi, ana, matumba a mtedza ndi mwana wawo wamwamuna. Injini inadzuka pa ulendo wachitatu. Atakweranso anali akupuma mofanana ndi ine, ndipo tinayenda mpaka pa Madisi. Bambo wa pawindo uja anatsikira pomwepo. Potsika anandigwira dzanja. Ndikuganiza kuti wina anali atamunong'oneza.

Pa Mponela dalaivala anati akufuna makaniko aone mawaya, tipume mphindi makumi awiri. Zinakhala ola. Tinagula tchipisi ndi nyama yambuzi pachiwaya n'kukakhala pakhonde la sitolo yotseka. Bambo anadya pang'ono, kenako anayamba kusisita mawondo.

"Tsiku lija la ngolo," anatero, osandiyang'ana, "adokotala anali atandiuza. Anati mwanayu asanyamule katundu, asakwere mitengo, asachite chilichonse choti angagwe. Ndinamva bwinobwino. Koma mvula inkabwera, fodya ali kumunda titathyola kale, amayi ako akudwala. Ndinati ungokwera pamwamba uzigwira masamba asagwe."

Nkhani imeneyi sitinaikambepo chiyambire. Kwathu imangotchedwa kuti nthawi imene Limbani anagwa.

"Munandiuza kuti ndikhale pansi, Ababa. Ndinaimirira ndekha. Ndinkafuna anzanga andione."

"Unali mwana. Wokukweza ndinali ine."

"Papita zaka zambiri."

"Kwa iwe. Ine chaka chilichonse ndikakuona ukupumira pakhasu, ndimaiona ngolo ija."

Ndinawapatsa nyama yotsala, iwo anaibweza, ndipo tinakhala choncho mpaka hutala inalira.

Kuchoka pa Mponela ndinagona tulo ta nkhuku, kudzidzimuka pa rodibuloko iliyonse. Pa Lumbadzi anakweza mayi wa nkhuku zinayi. Ku Kanengo tinaima nthawi yaitali pakati pa malole, fungo la fodya likulowa pawindo ngati tabwerera kumudzi. Bambo ananunkhiza n'kunena kuti wina wadinda fodya wonyowa, akamubwezera. M'tauni tinalowa cha m'ma folo koloko, titayenda tsiku lathunthu ulendo umene galimoto yabwino imayenda maola atatu. Tinakwera minibasi ina ya ku Kawale, kwa msuweni wanga amene amasoka zovala kumsika. Anatilandira bwino, anatipatsa madzi osamba, anatiphikira mpunga ndi nyemba. Ndinagona pamphasa nditatsamira khoma, chifukwa masiku ano ndikagona chagada ndimamva ngati wina wandikhalira.

Lachiwiri tinafika pachipatala sikisi koloko, n'kupeza mzere utafika kale pakhomo. Mabenchi anali odzaza ndi anthu ochokera m'maboma onse a chigawo chapakati, aliyense ndi envulopu yake. Kalaliki wa pawindo anatambasula dzanja kwa Bambo.

"Kabuku kanu, agogo."

"Ine ndilibe vuto, mwana wanga. Mawondo okha."

Ananditumiza kukayezetsa magazi, kenako kukajambulitsa mtima, kenako kumakina aakulu ojambula m'kati mwa thupi. Malo alionse anali kumapeto kwa khonde lalitali, ndipo pa malo alionse panali mzere wake. Bambo ankanditsatira pambuyo atanyamula kachikwama, akufunsa njira kwa aliyense wovala zoyera, ngakhale ine nditaiona kale. Nyumba zina zinali zatsopano, ndipo wodi imene ankaikumbukira inali itasanduka ya azimayi. Kumakina aakulu aja anandigoneka chagada n'kundiuza kuti ndigwire mpweya. Ndinafuna kuwauza kuti wogwirawo ndi umene ndabwera kudzafuna, koma ndinangomvera.

Kwa dokotala tinalowa thu koloko itadutsa, m'mimba muli nthochi ziwiri zokha. Ndinkayembekeza mzungu ngati kale. Tinapeza mayi wachimalawi, wamfupi, wa magalasi, wooneka kuti nayenso sanadye. Anapereka mpando kwa Bambo, n'kundiuza kuti ndivule malaya. Anayang'ana zipsera za m'mbali zija, anaika chibakera chake m'dzenje la pachifuwa, ndipo chinalowa chonse. Kenako anatembenuza kompyuta kuti tione.

"A Phiri, ili ndi fupa lanu lapakati. Uwu ndi msana. Mpata uli pakatiwu ndi umene mtima umayenera kukhalamo. Mukuona mmene wachepera. Mtima wathawira uku, ndipo mbali iyi ikupanikizika. N'chifukwa chake mukutopa."

"Ndiye mubwezeretsamo chitsulo chija?" ndinafunsa.

"Zikanakhala zophweka choncho ndikanakondwa. Opaleshoni yachiwiri si yofanana ndi yoyamba. Pamene panadutsa chitsulo choyamba panatsala zipsera m'kati, ndipo zipserazo zimamatirira. Mapapo akhoza kukhala atamatirira kunthiti, ndipo kathumba kamene kamakuta mtima kakhoza kukhala katamatirira kufupali. Tikangolowetsa chitsulo osaona, tikhoza kubaya mtima. Ndiye timayamba talowetsa kakamera, timatsegulanso pang'ono apa pansi pa fupa, n'kumamatula pang'onopang'ono. Komanso inu tsopano ndinu wamkulu, mafupa anauma. Mwina tidzafunika kudula tina mwa timafupa tofewa tolumikiza nthiti, ndipo zitsulo zidzakhala ziwiri, zomangidwa kuti zisasunthe."

"Zidzakhalamo nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zitatu, mwina kupitirira. Miyezi yoyambirira simudzagwira khasu, simudzanyamula belo, simudzakwera njinga. Ululu udzaposa wa ulendo woyamba, sindikubisirani. Magazi akhoza kutayika ambiri, ndiye tidzafuna abale odzapereka magazi. Ndipo pa opaleshoni ngati iyi munthu akhoza kutsala patebulo. Sizichitika kawirikawiri, koma ndiyenera kukuuzani."

"Nanga ndikaleka?"

"Simufa mawa. Koma mmene mwafotokozera, chaka chilichonse mukuchita zochepa kuposa chaka chapitacho. Sindikuona chifukwa choti zisinthe zokha."

Ndinafunsa ngati chingadzabwererenso kachitatu. Anati mpata ulipo koma ndi wochepa, poti ndinasiya kukula. Sanalonjeze kuti chifuwa chidzakhala chokongola. Anati chimene akufuna n'choti mtima upeze malo.

Nthawi yonseyi Bambo ankamvetsera, chipewa chili pamawondo. Kenako anakonza kukhosi.

"Adokotala, ndifunse nawo. Chitsulo choyamba chija anachichotsa nthawi isanakwane chifukwa mwanayu anagwa pangolo. Amene anamukweza pangolopo ndine. Ndiye ndimafuna mundiuze ngati chabwereranso chifukwa cha zimenezo."

Dokotala anavula magalasi n'kuyang'ana Bambo.

"Bambo, sindikunamizani. Chitsulo chikachoka msanga, mpata woti chifuwa chibwerere umakula. Koma mwana wanuyu anamuchita opaleshoni asanayambe kukula kwenikweni, ndipo anadzatalika kwambiri pambuyo pake. Alipo amene chitsulo chinakhala zaka zake zonse, osagwa pena paliponse, koma atakula chifuwa chinalowanso. Ndawaonapo m'chipinda chino. Ndiye sindingathe kugawa kuti gawo ili ndi la ngolo, gawo ili ndi la kukula. Palibe dokotala angathe."

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanaoneke ngati munthu amene wamasulidwa, komanso sanaoneke ngati waweruzidwa. Anangoti, "Zikomo, mwandiyankha."

Dokotala anati ndikhoza kupita kumudzi kukaganiza. Ndinamupempha mphindi zochepa, ndinatuluka pakhonde n'kuimbira Nachisale. Ndinamuuza zonse, ngakhale za patebulo zija. Kumbuyo kunkamveka Thoko akulirira chinachake.

"Inu mukufuna bwanji, bambo a Thoko?"

"Ndatopa, Nachisale. Koma ndikuopanso."

"Sabata yatha munalephera kumunyamula mwanayu kuchokera kutchalitchi. Munamutsitsa panjira n'kunamizira kuti mukumanga nsapato. Ndinaona. Fodya tidzachepetsa, tidzalima soya. Achimwene anga adzapereka magazi. Lembetsani."

Ndinabwerera m'chipinda muja n'kusaina. Dokotala anandipatsa mwezi wa Julayi, pamene kudzabwere madokotala ena odzathandizana naye, komanso zida zake. Namwino anandipatsa pepala la zoyenera kubweretsa, n'kuwonjeza kuti gadiyani adzakhale munthu wamphamvu, woti azitha kundidzutsa pabedi ndi kundigwira popita kubafa, chifukwa masabata oyamba sindidzatha kudzuka ndekha. Ananena akuyang'ana pepala, koma Bambo anamva.

Lachitatu tinabwerera. Tinapeza basi yaikulu yopita kumpoto, K15,000, ndipo ndinati bola imeneyo, mipando yake munthu umakhala mowongoka. Bambo anagona kuchokera ku Kanengo mpaka pa Bua, pakamwa pali pululu, mutu ukugunda paphewa langa. Ine ndinkayang'ana minda ikudutsa n'kumaganiza za mwezi wa Julayi, za bedi lija, za zaka zitatu zoyenda ndi zitsulo m'thupi. Sindinamve chimwemwe. Ndinamva ngati munthu amene walima munda wonse, kenako n'kuuzidwa kuti mizere yapotoka, ayambirenso.

Pa Kasungu tinadya mbatata yowotcha tikudikira galimoto ya ku Chamama. Potsika basi Bambo anali atalephera sitepe yomaliza, ndipo ndinachita kuwagwira m'khwapa, ine wodwala. Tonse tinaima pambali kwa kanthawi, tikupuma.

"Limbani," anatero atatha mbatata yawo, "mwezi wa Julayi upite ndi Nachisale."

"Inu simudzapita?"

"Wamva zimene ananena anamwino. Ine kukudzutsa pabedi sindingathe. Tingadzagwe tonse, anthu n'kusowa woyamba kumutola." Anaseka pang'ono, kenako analeka. "Ndidzatsala ndi Thoko. Ndi ng'ombe. Ukadzabwera, chaka chonse usadzayandikire munda. Ndidzakhala pakhonde pako ndi ndodo kukulondera."

"Chaka chonse, Ababa? Adokotala anati miyezi."

"Adokotala ananena zawo. Izi ndi zanga."

Kumudzi tinafika dzuwa litapendeka. Nachisale anali m'chigafa ndi azilamu anga awiri, atadinda mabelo atatu ine kulibe. Anatuluka manja ali bii ndi utomoni wa fodya, anatilonjera, n'kulandira kachikwama. Bambo sanakhale pansi. Anati akakhala sadzukanso, ndipo anapitirira kunyumba kwawo akutsimphina, jekete lili paphewa.

Ndinkaganiza kuti matenda akachiritsidwa ndiye kuti nkhani yatha, ndipo pamene chifuwa chinayamba kulowanso ndinachita manyazi ngati ndalakwira anthu onse amene anavutika nane poyamba. N'chifukwa chake ndinabisa zaka zinayi. Pa ulendowu ndinaona kuti sindinkabisa ndekha. Tinali awiri, nyumba zoyandikana, aliyense akudziimba mlandu wake mwakachetechete pa chifuwa chimodzi chomwechi, ndipo zinatengera minibasi yowonongeka ndi khonde la sitolo pa Mponela kuti tiyankhulane. Opaleshoni ikundidikirabe, ndipo ndikuiopa monga ndinkaiopera ndili mwana. Madzulo amenewo Thoko anabwera kudzafuna kuti ndimunyamule. Ndinakhala pansi pamphasa, ndinamukhazika pamwendo, n'kumuuza kuti kunyamula kwenikweni adikire chaka chamawa. Anafunsa ngati chaka chamawa ndi kutali kuposa ku Lilongwe. Ndinati inde, koma tidzafika.